Tifunseni Tikuyankheni: Mzinda wa Pittsburgh ng'anjo za chitsulo zitazima

Tidalengeza kuti mwezi uno tikambirana za mizinda imene idataya ntchito yaikulu yomwe inkadyetsa anthu ake, ndipo tidatchula Pittsburgh, m'dziko la America, ngati chitsanzo. Mwa makalata amene talandira tasankha asanu ochokera m'boma la Mangochi. Tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawasunga monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi wapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a zaumoyo ku yunivesite ina ya ku Pittsburgh. Alamu anga akuti kumeneko ndi kwa utsi ndi mafakitale okhaokha, ndipo akuti mafakitalewo atatsekedwa anthu adathawako. Mwanayu adakulira m'mphepete mwa Shire ndipo adazolowera kuyenda panja madzulo. Kodi akafuna kupumako ku maphunziro azikapita kuti? — Mayi wa kwa Mponda

YANKHO: Mayi, tikukondwera nanu limodzi chifukwa cha mwayi umene mwana wanu wapeza. Alamu anu sadapeke nkhaniyi, kungoti zimene adamvazo ndi za masiku a agogo a anthu amene akukhala mumzindawu lero. Mzinda wa Pittsburgh uli m'chigawo cha Pennsylvania, pamalo pamene mitsinje ya Allegheny ndi Monongahela imakumana n'kupanga mtsinje wa Ohio. Mapiri ozungulira anali ndi malasha ambiri, mitsinje inkanyamula katundu wolemera pa mtengo wotsika, ndipo n'chifukwa chake Andrew Carnegie adatsegula fakitale yake yaikulu yoyamba ya chitsulo ku Braddock, kunja pang'ono kwa mzindawu, m'chaka cha 1875. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, magombe a Monongahela anali atadzaza ng'anjo, njanji ndi milu ya malasha, ndipo utsi unkachuluka kotero kuti masiku ena magetsi a m'misewu ankayatsidwa masana. Mu Okutobala 1948 utsi udakhazikika kwa masiku angapo pa tauni ya Donora, m'chigwa chomwecho cha Monongahela, ndipo anthu 20 adamwalira.

Utsi wa m'kati mwa mzinda udayamba kuchepa mafakitale asadatsekedwe. Lamulo loletsa kuwotcha malasha otulutsa utsi wambiri lidavomerezedwa mu 1941, lidachedwa chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1946, David Lawrence atakhala mfumu ya mzinda. Mabanja adayamba kufunditsa nyumba ndi gasi, ndipo sitima zapamtunda zidasiya malasha n'kuyamba kuyendera dizilo. Kugwa kwa mafakitale kudadza pambuyo pake, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'zaka za m'ma 1980, pamene chitsulo cha ku Japan ndi maiko ena, chopangidwa ndi makina atsopano, chidalanda msika wa ng'anjo zakale za ku Pennsylvania. Kuti anthu adachoka n'zoona: kalembera wa 1950 adapeza anthu 676,806 mumzindawu, pamene wa 2020 adapeza 302,971, ngakhale kuti ambiri mwa ochokawo adangosamukira m'matauni oyandikana nawo.

Za kopumira musade nazo nkhawa. Mayunivesite akuluakulu awiri, University of Pittsburgh ndi Carnegie Mellon, ali m'dera la Oakland, ndipo paki ya Schenley yayambira pomwe pathera nyumba zophunziriramo. Mary Schenley adapereka maekala 300 oyamba mu 1889, ndipo lero pakiyi ili ndi maekala 456 a nkhalango, tinjira ta oyenda pansi ndi mabwalo a masewero, ndipo polowa salipiritsa. Pakhomo pake pali Phipps Conservatory, nyumba yaikulu yagalasi yomwe idatsegulidwa mu 1893, mmene amasungiramo zomera za kumadera otentha. Mu Januwale, kunja kutayera mbee ndi chipale chofewa ndipo mitengo yonse itayoyola masamba, mwana wanu akakalowa mmenemo adzakumana ndi mpweya wofunda wachinyezi, nthochi zili chiriri ndi mitengo ya mtundu wa migwalangwa yofika pafupi ndi denga, ndipo tikukhulupirira kuti kumeneko adzapitako kangapo akayamba kupukwa kwawo. Chapafupi pomwepo pali chinyumba chimene Carnegie adamanga mu 1895, mmene muli laibulale, holo ya nyimbo, nyumba yoonetsera zojambula ndi ina yosungira zachilengedwe, momwe muli mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Diplodocus, chotalika mamita oposa 25, omwe adafukulidwa ku Wyoming mu 1899. Ophunzira a mayunivesite awiriwa amalowa mwaulere m'malo ena otere akaonetsa chiphaso chawo cha sukulu, choncho akafunse za zimenezi akangofika.

Madzi sadzawasowa, popeza mzindawu uli ndi mitsinje itatu ndi milatho yoposa 400, ndipo tingolo tokokedwa ndi zingwe pa njanji, timene tidayamba kuyenda mu 1870 ndi mu 1877 ponyamula antchito, tikukwezabe anthu pa phiri la Mount Washington, pamene munthu amaona mzinda wonse pansi pake. Komabe mumuuze zinthu ziwiri. Kuzizira kwa Disembala mpaka Febuluwale sikufanana ndi kwa Juni wa kwathu kuno, ndipo ndalama ya jekete yochindikala ndi nsapato zotseka aiyike padera. Chinanso, chitsulo sichidatheretu m'chigwa cha Monongahela: fakitale ya ku Braddock ija ikugwirabe ntchito, ndipo ku Clairton akuwotchabe malasha a m'ng'anjo, motero masiku ena mpweya wa m'derali sukhala wabwino. Ngati mwanayo ali ndi mphumu, anyamule makalata ake a kuchipatala.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno. Ophunzira anga adandifunsa kuti mzinda ukataya ntchito zambiri chotere, ndalama zoyendetsera mapaki, malaibulale ndi nyumba za zisudzo zimachokera kuti. Enanso amanena kuti zaluso ndi zosangalatsa ndizo zidalowa m'malo mwa chitsulo podyetsa anthu. Kodi ndiwayankhe chiyani? — Mphunzitsi, Namwera

YANKHO: Aphunzitsi, tiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa yankho lake ndi lalifupi: ayi, zaluso sizidalowe m'malo mwa chitsulo. Ntchito zimene zikudyetsa anthu ambiri mumzindawu lero zili m'zipatala, m'mayunivesite, m'mabanki ndi m'makampani a zamakompyuta ndi maloboti omwe adaphukira pa kafukufuku wa ku Carnegie Mellon. Bungwe la zipatala la UPMC lokha limalemba anthu ambiri kuposa kampani ina iliyonse yomwe si ya boma m'chigawo chonse cha Pennsylvania. Chimene mapaki ndi nyumba za zisudzo zidachita n'chakuti dokotala kapena mphunzitsi wa ku yunivesite amene akadatha kukagwira ntchito ku New York kapena ku Boston aone kuti ku Pittsburgh nako munthu angathe kulera ana. Imeneyo si ntchito yochepa, koma bambo wa zaka 50 amene adachotsedwa pa ng'anjo mu 1983, chaka chimene ulova m'derali udapitirira anthu 17 pa 100 alionse, sadapeze ntchito mu holo ya nyimbo.

Zambiri mwa zimene alendo amazizwa nazo zidamangidwa chitsulo chili pachimake, ndi ndalama za eni mafakitale. Carnegie, amene adabadwira ku Dunfermline ku Scotland mu 1835 n'kufika ku America ali mnyamata wosauka mu 1848, adagulitsa kampani yake mu 1901 pa mtengo wa madola 480 miliyoni, ndipo adagwiritsa ntchito chuma chake pomanga malaibulale oposa 2,500 m'maiko osiyanasiyana. Pamwamba pa khomo la laibulale ya ku Oakland adalembetsa mawu onena kuti nyumbayo ndi yaulere kwa anthu. Ophunzira anu ayenera kumvanso mbali ina ya nkhaniyi. Mu Julayi 1892, antchito a pa fakitale yake ya ku Homestead atakana kuti malipiro awo atsitsidwe, Henry Clay Frick, amene ankayendetsa kampaniyo Carnegie ali ku Scotland, adatumiza alonda aganyu pafupifupi 300 a kampani ya Pinkerton pa mabwato awiri, ndipo pa nkhondo imene idabuka pagombe padafa anthu osachepera 10. Asilikali a chigawo adabwera, bungwe la antchito lidathyoka, ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake amuna ankagwira ntchito maola 12 pa tsiku. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi Carnegie adatsegula laibulale ku Homestead komweko, ndipo ambiri mwa antchitowo ankadandaula kuti akadakonda malipiro abwino ndi nthawi yopuma, popeza munthu wotuluka pa ng'anjo atatha mphamvu sawerenga buku. Ife tikuona kuti onse awiri, amene amayamikira malaibulale ndi amene amakumbukira Homestead, akunena zoona, ndipo mphunzitsi sayenera kusankhira ana mbali imodzi.

Mfundo imene tikufuna muikhazikike m'kalasi ndi iyi: kumanga n'kosiyana ndi kusamala, ndipo mzindawu udapulumuka chifukwa anthu ena adaganiza za kusamalako. Nthawi zambiri Carnegie sankapereka laibulale ku tauni imene sidalonjeze kuti chaka chilichonse idzapereka ndalama zoiyendetsera zokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo womangira. Frick yemwe uja, pomwalira mu 1919, adasiyira mzindawu maekala 151 pamodzi ndi madola 2 miliyoni osamalira malowo ndi kugulira ena, ndipo paki yotchedwa ndi dzina lake, yomwe idatsegulidwa mu 1927, yakula mpaka maekala 644. Mafakitale akuyamba kudwala, banja la Heinz, limene lidalemera ndi malonda a zakudya za m'mabotolo ndi m'zitini, lidagula nyumba yakale ya kanema yomangidwa mu 1927, yomwe idatsala pang'ono kugwetsedwa, n'kuikonza kukhala Heinz Hall, kwawo kwa gulu loimba la Pittsburgh Symphony Orchestra kuyambira 1971. Mu 1984, ulova uli pachimake, kudakhazikitsidwa bungwe la Pittsburgh Cultural Trust, limene lidayamba kugula nyumba m'dera lina la pakati pa mzinda lomwe anthu ankaliopa usiku, n'kulisandutsa dera la zisudzo, magule ndi nyimbo. Njira yawo idali yakuti bungwe likhale mwini nyumba ndi malo oimikapo magalimoto, kuti lendi ndi zina zotuluka pamenepo zizithandiza kulipirira zisudzo zimene sizingadzilipirire zokha.

Koma mphatso za olemera pazokha sizikadakwanira. Kuyambira 1994, aliyense wogula katundu wokhomedwa msonkho m'boma la Allegheny, mmene muli mzinda wa Pittsburgh, amalipira msonkho woonjezera wa 1 pa 100. Theka la ndalamazo limapita ku boma la Allegheny ndi makhonsolo a m'bomalo, ndipo theka linalo limapita ku bungwe lotchedwa Allegheny Regional Asset District, limene limagawa ndalama zoposa madola 100 miliyoni pachaka ku malaibulale, mapaki, malo osungira nyama, mabwalo a masewero ndi magulu a zaluso. Chifukwa chake chidali chomveka: anthu ambiri amene ankagwiritsa ntchito malo amenewa adali atasamukira kunja kwa malire a mzinda, ndipo sikudali chilungamo kuti otsala, omwe ambiri adali okalamba ndi osauka, azisenza okha mtolowo. Ngakhale zidali choncho, khonsolo ya mzindawu idafika posowa ndalama mu 2003, idatseka maiwe osambira ndi malo a masewero a ana, ndipo idakhala pansi pa uyang'aniro wa boma la chigawo mpaka 2018.

Ngati mukufuna kuti phunziroli lifike pafupi ndi ana, atengereni pa Boma. Akaone nsanja ya wotchi ya 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, mwala wokumbukira anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndi nyumba ya Lake Malawi Museum, kenaka muwafunse kuti utoto, malipiro a mlonda ndi madzi a kuchimbudzi pa malo otere ayenera kulipiridwa ndi yani chaka ndi chaka, komanso ngati alendo ogona m'mahotela a m'mbali mwa nyanja sayenera kusonkhako kangachepe.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa timu ya anyamata kuno kwathu. Ndamva za timu ya Steelers kuti ili ndi zikho zambiri. Kodi imasewera mpira ngati wathuwu? Nanga bwalo lalikulu lingatukule tauni? — Wophunzitsa mpira, Monkey Bay

YANKHO: Achimwene, mpira wa Steelers ndi wina. Osewera amakhala 11 mbali iliyonse monga kwathu, koma mpirawo ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo osewera amavala zisoti zolimba chifukwa amagundana mwamphamvu. Timuyi idayambitsidwa ndi Art Rooney mu 1933, idatenga dzina lokumbutsa za chitsuloli mu 1940, ndipo idakhala zaka pafupifupi 40 osapambana chilichonse chachikulu. Kenaka idatenga chikho cha Super Bowl mu 1975, 1976, 1979 ndi 1980, ndiye kuti nthawi yomweyo imene ng'anjo zinkayamba kuzima, ndipo idachitenganso mu 2006 ndi 2009. Mabanja amene adamwazikana kukafuna ntchito m'zigawo zina adapita ndi timu yawo mumtima, n'chifukwa chake lero Steelers ikakasewera koyenda imapeza ochemerera ake atadzaza mbali ya bwalo, akuzunguza m'mwamba tinsalu tachikasu topukutira, chizolowezi chimene adayambitsa muulutsi wa pa wailesi Myron Cope mu 1975. Matimu onse akuluakulu atatu a mumzindawu amavala zakuda ndi zachikasu: Steelers, Pirates ya masewero a baseball, ndi Penguins ya hockey yoseweredwa pa madzi oundana, yomwe yatenga chikho cha Stanley kasanu. Dzina limene amalilemekeza koposa ndi la Roberto Clemente wa ku Puerto Rico, katswiri wa Pirates amene adafa pa ngozi ya ndege pa 31 Disembala 1972 akupititsa thandizo kwa anthu ovutika ndi chivomezi ku Nicaragua. Mlatho wopita ku bwalo la timuyo umatchedwa ndi dzina lake, ndipo pa tsiku la masewero amautseka kuti adutsepo oyenda pansi okha. Mpira wathu wamiyendo ulikonso, timu yake ndi Riverhounds, ndipo bwalo lake, lotsegulidwa mu 2013 m'mphepete mwa Monongahela, limalowa anthu pafupifupi 5,000 okha.

Pa za bwalo lalikulu tikuchenjezeni. Mu 1997 anthu a m'maboma 11 a m'derali adafunsidwa ngati angalole msonkho wapadera womangira mabwalo atsopano ndi zina, ndipo adakana. Atsogoleri adapeza njira ina yotengera ndalama za boma, adagwetsa bwalo la Three Rivers lomwe lidangotumikira kuyambira 1970, n'kutsegula mabwalo awiri atsopano mu 2001. Ndi okongola, koma Steelers imasewera pakhomo masewero a ligi 8 kapena 9 okha pachaka m'bwalo lolowa anthu pafupifupi 68,000, ndipo mkangano wakuti ndalama za misonkhozo zidabwerera kapena ayi sudathe mpaka lero. Kwa inu amene mukuphunzitsa ana, bwalo losalazidwa bwino, lokhala ndi magolo olimba, mpopi wa madzi ndi pepala lotsimikiza kuti malowo sadzagulitsidwa kwa womanga nyumba, lingatulutse osewera ambiri kuposa chibwalo chotsegulidwa kangapo pachaka.

FUNSO: Akonzi, ndili m'gulu la zisudzo la achinyamata. Kodi anthu akuda ali ndi gawo lanji pa zaluso za mzinda umenewu? — Mtsikana wa pa Boma

YANKHO: Achemwali, gawo lawo ndi lalikulu, ndipo nkhani yake ili ndi chilonda. Anthu akuda ochokera kumwera kwa America adabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale, ndipo ambiri adakhala m'dera la Hill District, limene m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950 lidatchuka ndi nyimbo za jazz. Oimba monga Art Blakey, Erroll Garner, Mary Lou Williams, Ahmad Jamal ndi George Benson ndi ana a mzinda umenewu, ndipo pa nthawi ya tsankho, akuda akuletsedwa kusewera m'ligi yaikulu ya baseball, matimu awo awiri amphamvu, Homestead Grays ndi Pittsburgh Crawfords, adali a kumeneko. M'zaka za m'ma 1950 atsogoleri a mzinda adagwetsa chigawo chakumunsi cha Hill District, n'kusamutsa anthu pafupifupi 8,000, kuti amangepo bwalo la zosangalatsa lotchedwa Civic Arena, lomwe lidatsegulidwa mu 1961 ndipo nalonso lidagwetsedwa pofika 2012. Ndiye kuti dera limene linkatulutsa nyimbo lidaphwasulidwa m'dzina la chitukuko cha zosangalatsa. Inu a zisudzo muyenera kudziwa August Wilson, amene adabadwira m'deralo mu 1945 n'kumwalira mu 2005. Adalemba masewero 10, lililonse lofotokoza zaka khumi za moyo wa anthu akuda m'zaka za m'ma 1900, ndipo 9 mwa amenewa amachitikira ku Hill District, m'mabwalo a kuseri kwa nyumba, m'malo odyera ndi m'maofesi a madalaivala, m'chilankhulo cha anthu amene ankawamva tsiku ndi tsiku. Adalandira mphoto yaikulu ya alembi ya Pulitzer kawiri, mu 1987 ndi 1990, ndipo nyumba ya zaluso yotchedwa ndi dzina lake idatsegulidwa mu 2009. Gulu lanu lili ndi doko, msika, depoti ya mabasi opita ku Joni ndi khonde la mzikiti, ndipo sitikuona chifukwa choti muzisaka nkhani kutali.

FUNSO: Akonzi, ndine msodzi wopuma ndipo ndili m'komiti ya pagombe. Chambo chimene tinkapha kale m'nyanja ya Malombe chidatha, ana athu akungopha kambuzi. Ena akutiuza kuti tisiye usodzi tidalire alendo odzaona malo, monga adachitira anthu a ku Pittsburgh ndi mafakitale awo. Kodi iwo adatani nawo mafakitale akalewo ndi magombe a mitsinje yawo? — Bambo wa kwa Chimwala

YANKHO: Bambo, musafulumire kuvomera malangizo amenewo, chifukwa nkhani ziwirizi zasiyana pa tsinde. Chitsulo cha ku Pittsburgh chidagonja pa msika wa dziko lonse, ndipo panalibe chimene wantchito wa pa ng'anjo akadachita kuti chibwerere. Chambo cha m'Malombe chidachepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 makamaka chifukwa cha makoka ndi nkacha za maso ang'onoang'ono zimene zinkakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa nyanja pamene nsomba zimaswanirana, ndipo n'chifukwa chake makomiti ngati yanuyo adayamba kukhazikitsidwa mu 1993. Nsomba zikapatsidwa mpata zimaswana, choncho ntchito yanu yolondera nyengo yotseka nyanja ndi malo oswanirana sitingaiyerekeze ndi kulondera fakitale yakufa.

Pa zimene adachita ndi malo akalewo, njira zidali zosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene tingaziyamikire. Fakitale ya ku Homestead idatsekedwa mu 1986, idagwetsedwa, ndipo mu 1999 padatsegulidwa masitolo, malo odyera ndi nyumba ya kanema pansi pa dzina lakuti The Waterfront. Adasiyapo machumuni 12 a njerwa ataima pamzere m'mbali mwa malo oimikapo magalimoto, opanda ng'anjo pansi pake, ndi kanyumba ka mapampu a madzi pafupi ndi pamene padachitikira nkhondo ya 1892. Ntchito za m'masitolomo sizilipira ngati za pa ng'anjo, ndipo tauni ya Homestead, imene idali ndi anthu oposa 20,000 mu 1920, idatsala ndi osakwana 3,000 mu 2020. Kutsidya kwa mtsinje adasunga ng'anjo ziwiri za Carrie, zomangidwa mu 1907, zotalika mamita pafupifupi 28. Malowa atasiyidwa, gulu la amisiri achinyamata lidayamba kulowamo mozemba mu 1997, n'kutola mapaipi ndi mawaya otayidwa ndi kupanga mutu wa gwape wotalika mamita pafupifupi 12, umene ulipobe pakati pa zitsulo zadzimbiri. Mu 2006 boma lidaika ng'anjozi m'gulu la malo a mbiri ya dziko, ndipo bungwe la Rivers of Steel limayendetsa alendo pamenepo, ena mwa oonetsa malowo adali antchito a m'mafakitale omwewo. Pamenepa pali kanthu koti muganizire, popeza amene amadziwa kusema bwato, kuluka mono ndi kuwerenga mphepo ya mwera ndi inu nomwe, ndipo mlendo wofuna kumva zimenezi ayenera kulipira inu, osati wina wokamba m'malo mwanu.

Chimene tikuchiona kuti n'chamtengo wapatali koposa ndi zimene adachita ndi magombe. Kwa zaka pafupifupi 100 munthu wamba sankafika pamtsinje, chifukwa pakati pa nyumba yake ndi madzi padali mpanda wa fakitale ndi njanji. Pamphuno pamene mitsinje iwiri ija imakumana padali nyumba zosungira katundu ndi mabwalo a sitima. Adazichotsa, ndipo mu 1974 adamaliza paki ya Point State, ya maekala 36, yokhala ndi kasupe wopopera madzi m'mwamba, kumene aliyense amakhala pa udzu popanda kulipira. Mlatho wa Hot Metal, umene kale unkaolotsa chitsulo chosungunuka m'zingolo kuchoka ku ng'anjo kupita kutsidya lina la Monongahela, udatsegulidwa kwa oyenda pansi ndi a njinga mu 2007. Chigwa cha Nine Mile Run, mmene makampani adakhala akutayamo zotsalira za m'ng'anjo kwa zaka 50 mpaka 1972, chidakonzedwa, ndipo kamtsinje kake tsopano ndi gawo la paki ya Frick. M'njira zakale za sitima adalambulamo msewu wa njinga wotchedwa Great Allegheny Passage, wotalika makilomita pafupifupi 240 kukafika ku tauni ya Cumberland, kumene umalumikizana ndi wina wopita ku Washington.

Iwo adachita kuwombola magombe amene adali atapita kale m'manja mwa eni ake, pamene inu ku Malombe mudakali ndi madoko ndi tinjira tofikira kumadzi, zimene anzanu a mbali zina za pakati pa Boma ndi Monkey Bay akuziona zikuchepa chifukwa cha mipanda ya nyumba za alendo. Tikulangiza komiti yanu kuti ikhale pansi ndi mafumu ndi akuluakulu a khonsolo, mulembe ndi kuika zizindikiro pa doko lililonse, poyanika nsomba, pochapira amayi ndi njira yofikira pamenepo, malo asadayambe kugulitsidwa. Msewu wa njinga tatchulawu udayamba kulambulidwa kumapiri m'zaka za m'ma 1980, koma udatha mu 2013, ndipo chigawo chimene chidatsalira mpaka kumapeto chidali kachidutswa kakafupi pafupi ndi Homestead, kodutsa m'malo a kampani ya zitsulo zakutha ndi a paki ya masewero a m'madzi, kumene kukambirana ndi eni malo kudatenga zaka zambiri.